Kamangidwe ka khola la m'mwamba la nkhuku 15 kuno kunyanja

Khola lomwe nkhuku zimakhalamo bwino ku Dedza kapena ku Ntchisi likhoza kukupherani nkhuku ku Salima. Kumtunda amamanga motchinga chisanu. Kuno kunyanja, kuchokera ku Chipoka, Khombedza, Benga mpaka ku Dwangwa, chomwe chimasautsa nkhuku kwambiri ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pomwe masana kumafika madigiri 35 ngakhale kupitirira. Nkhuku sichita thukuta. Ikatenthedwa imangoyasama, mapiko ali pansi, n'kumapuma mwawefuwefu. Kudya kumachepa, mazira amachepa, ndipo zigoba zake zimapyapyala. Muzitsekere nkhuku zotere m'kakhola ka njerwa kopanda mazenera, kofolera ndi malata otsika, m'mawa mudzatola zakufa popanda matenda alionse.

N'chifukwa chake khola lomwe tikufotokoza pano ndi la m'mwamba, loyala nsungwi pansi pake, lolowa mphepo mbali zonse, lofolera ndi udzu. Ndi la nkhuku zachikuda kapena za Mikolongwe zokwana 15, zogona m'kholamo usiku n'kumatuluka masana. M'litali mwake ndi mamita 2, m'lifupi mita 1.5. Ndiye kuti pa sikweya mita iliyonse pakhale nkhuku 5. Zikaswana n'kupitirira apa, mangani lina, musazipanikize.

Malo omangapo

Yang'anani malo nthawi ya dzinja, kapena funsani amene akhalitsa pamudzipo kuti madzi amadikha pati mvula ikagwa masiku atatu osakata. Dothi la makande la m'mbali mwa madambo limasunga madzi, ndipo m'madera a mitsinje ya Linthipe, Bua ndi Dwangwa madzi amasefukira mpaka m'makomo. Sankhani pokwererapo. Ngati palibe, unjikani dothi kufika masentimita 20 mpaka 30, mutsendere bwino, mukumbe kangalande kozungulira.

Khola litalikire nyumba ndi mamita 10 kapena kuposerapo chifukwa cha fungo, ntchentche ndi utitiri, koma likhale poti mukasuzumira pazenera usiku mulione, poti akuba nkhuku alipo. Chitsime chikhale kutali komanso kumtunda kwa khola. Mtengo wa mango kapena nimu ukakhala chakumadzulo ndi mwayi waukulu, umatchinga dzuwa la masana lomwe ndi loopsa zedi. Nthambi zake zisakhudze denga, chifukwa ndi njira ya makoswe ndi njoka.

Utali wa khola uloze kum'mawa ndi kumadzulo. Makoma afupiafupi ndiwo ayang'anane ndi dzuwa lotuluka ndi lolowa, aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera. Mukatero dzuwa la chilimwe limadutsa pamwamba pa denga osalowa m'kati, pomwe mu Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto n'kumalowa pang'ono kuumitsa m'khola. Mphepo ya mwera, yomwe imazizira miyezi imeneyi, imamenya khoma la kumwera, ndipo tidzalitseka kwambiri kuposa la kumpoto.

Mitengo ndi nsungwi: ntchito yeniyeni ili apa

Makhola ambiri amagwa chaka chachiwiri, ndipo chimawagwetsa ndi chiswe, osati mphepo. Mufunika nsichi 6 zotalika mamita 2.8, zonenepa masentimita 10 mpaka 12, ndi mizati 2 ya mamita 3.6 yonyamula msana wa denga. Mitanda ikhale motere: 6 ya mita 1.7, 4 ya mamita 2.2, ndi 3 ya mamita 3. Mapaso 14 a mita 1.8. Onjezani nsungwi zokhwima pafupifupi 20, waya wa nkhuku wa maso ang'onoang'ono mamita 6 wa msinkhu wa mita 1.2, misomali ya mainchesi 5 kilogalamu imodzi, ya mainchesi 3 kilogalamu imodzi, ya mainchesi 2 theka, linya kapena waya womangira, mahinjesi, loko, lata limodzi lakale, ndi udzu wofolera mitolo yosenza pamutu 10 kapena kuposerapo malinga ndi kukula kwa mitolo. Zida ndi za pakhomo pomwe: khasu, chikwanje, sowo, hamala, pulayala, tepi ndi chingwe.

Bulugama wokhwima, kesha ndi nimu ndi mitengo yabwino pa nsichi. Malaina ndi wofewa, angagwire ntchito ya mapaso koma osati kuzika m'nthaka. Gulani kwa amene anadzala mitengo yawo. Ya m'nkhalango ya Thuma kapena ya Nkhotakota ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndipo khola la nkhuku si chifukwa chokwanira choti munthu akaime pabwalo la milandu.

Sendani makungwa onse mtengo ukadali wauwisi, poti ukauma amavuta, ndipo pansi pa khungwa ndi pomwe chiswe ndi utitiri zimabisala. Umitsani mitengoyo pamthunzi masabata atatu kapena anayi, mutaisanjika pamwamba. Kenako wambani pamoto mbali yomwe ilowe m'nthaka, masentimita 90 kuchokera kutsinde, mukutembenuza mpaka kunja kude ngati khala koma m'kati musapse. Ikazizira pakani oyilo wakutha wa galimoto kawiri, tsiku loyamba ndi lotsatira. Taonani kuti m'nthaka mulowa masentimita 60 okha koma tawamba 90: mtengo umayamba kuola ndi kudyedwa pamalire a nthaka ndi mpweya, pomwe pamanyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma. Oyilo asafike m'kati mwa khola momwe nkhuku zimajompha.

Nsungwi zosakhwima zimafumbwa msanga. Mumangoona ufa woyera ukugwa pansi pa khola, miyezi ingapo nsungwiyo yathyoka. Dulani zokhwima, za mtundu wofiirira kapena wachikasu, nthawi ya chilimwe. Ziviikeni m'madzi masabata awiri kapena atatu mutazitsamiza ndi miyala, madziwo atsuke chakudya chomwe tizilombo timafuna m'kati mwake. Zitulutseni, ziumire pamthunzi, pamenepo ndiye muzing'alule.

Kuyeza ndi kuzika

Khomani zikhomo zinayi, mamita 2 ndi mita 1.5. Kuti mudziwe ngati ngodya zili bwino, yezani mopingasa kuchokera pachikhomo china kufika pa chomwe chayang'anana nacho: pakhale mamita 2.5 ndendende, mbali zonse ziwiri. Pakasiyana, sunthani zikhomo mpaka zifanane. Kamphindi kameneka mukakadumpha, chitseko chidzakana kutsekeka ndipo denga lidzapotoka.

Kumbani maenje 8: anayi m'ngodya, awiri pakati pa mbali zazitali, awiri a mizati pakati pa mbali zazifupi. Akuye masentimita 60. Pamchenga, monga ku Senga Bay ndi m'mbali monse mwa nyanja, kuyitsani mpaka 80 ndipo mitengo italikirepo ndi masentimita 20 omwewo. Pansi pa dzenje ikani mwala wafulati kapena njerwa yootcha kuti mtengo usamire, thirani phulusa manja awiri, imikani mtengo, bwezerani dothi losakaniza ndi zidutswa za njerwa pang'onopang'ono mukutsendera ndi mtengo wina. Dothi lothira kamodzi n'kupondaponda ndi phazi limatitimira mvula yoyamba.

Pansi pa khola

Lembani mzere pa nsichi iliyonse mita imodzi kuchokera pansi, mukugwiritsa ntchito levulo kapena paipi yoonekera m'kati yothira madzi, poti nthaka imanamiza. Pamzerepo semani kamlomo kolowa masentimita 3, mukhazikepo mitanda 3 ya mita 1.7 yolumikiza nsichi za kumpoto ndi za kumwera, mukhome ndi misomali ya mainchesi 5. Kamlomoko ndi komwe kamanyamula katundu. Msomali wokha umapindika munthu akakwera kukasesa. Pamwamba pa mitandayi gonekani ina 4 ya mamita 2.2 motsata utali wa khola, motalikirana masentimita 50. Pansi pake khomani timitengo tafupitafupi mopingasa, kuchokera pa nsichi kufika pa mtanda, kuti khola lisagwedezeke. Timitengoti tisatsike kupitirira masentimita 30; chifukwa chake tichiona tikafika pa makoswe.

Tsopano yalani nsungwi zong'alula, zotambalala masentimita 3, zotalika mita 1.5. Zikwana 40. Palani m'mphepete mwake ndi mpeni mpaka muzitha kupitsapo chala osacheka, ndipo msana wosalala uyang'ane kumwamba. Nsungwi yakuthwa imacheka nkhuku kuphazi, chilondacho chimatupa n'kuchita mafinya, nkhuku n'kuyamba kutsimphina. Mpata pakati pa nsungwi ukhale masentimita 2. Dulani kamtengo ka muyeso umenewu kuti muzilowetsa pakati pokhoma. Mpata ukachepa zitosi sizigwa, zimaunjikana n'kumata. Ukakula miyendo imalowa n'kuthyoka, ndipo vumbwe amatha kupisa dzanja kuchokera pansi. Nsungwi imang'aluka ndi msomali, choncho yambani mwaboola ndi msomali wootcha pamoto, kapena ingomangani ndi waya.

Makoma ndi zitseko

Makoma atalike mita 1.2 kuchokera pansungwi. Pamwamba pa nsichi gonekani mitanda iwiri ya mamita 3, yotsala masentimita 50 mbali iliyonse, muilumikize ndi mitanda 3 yotsala ya mita 1.7.

Khoma la kumpoto litsekedwe ndi nsungwi zothinana masentimita 30 a m'munsi okha, kwinako konse waya. La kumwera litsekedwe mpaka masentimita 70, pamwamba pake waya. Mwera ukakula mu Juni ndi Julayi mukhoza kupachikapo masaka usiku n'kuwachotsa m'mawa. La kumadzulo tsekani lonse ndi nsungwi kapena bango. Mipata ya ngodya zitatu yomwe imatsala pansi pa denga kum'mawa ndi kumadzulo isatsekedwe ndi china chilichonse koma waya. Mpweya wotentha ndi fungo loswa m'maso la zitosi zimakwera m'mwamba, ndipo potulukira pake ndi pamenepa. Anthu ambiri amapatseka poopa mvula, kenako n'kumadabwa nkhuku zikuyetsemula ndi kutupa maso.

Pa waya musaumire. Wa maso a theka la inchi ndi wodula, koma wa mainchesi 2 amalowetsa makoswe, njoka ndi likongwe. Mukokeni aongoke, ndipo m'mphepete mwake mupanikize ndi nsungwi yong'alula n'kukhomera pamodzi. Waya wogwidwa ndi misomali yokha galu amamusolola. Kunyanja waya amachita dzimbiri msanga, makamaka pomwe pakugwera zitosi, ndiye chifukwa chake m'munsi tayikamo nsungwi.

Chitseko chachikulu cholowera munthu chikhale kum'mawa, pakati pa mzati ndi nsichi ya kumwera, masentimita 60 m'lifupi ndi mita 1.1 m'mwamba, chotsegukira kunja. Musachiike ku mbali yaitali: denga limatsika kumeneko, chitseko chidzagunda udzu. Kachitseko ka nkhuku, masentimita 30 ndi 35, kakhale m'munsi mwa khoma la kumpoto, kotsekera ndi thabwa lotsetsereka ndi kampiringidzo.

Denga

Gonekani mtanda wachitatu wa mamita 3 pamwamba pa mizati, masentimita 75 pamwamba pa makoma. Muyeso umenewu umapangitsa denga kukhala lotsetsereka mokwanira. Denga la udzu logona limasunga madzi ndipo limaola dzinja limodzi. Khomani mapaso 7 mbali iliyonse motalikirana masentimita 50. Atsala kunja kwa khoma pafupifupi theka la mita, ndipo musawadule, poti ndiwo atchinge mvula yobwera ndi mphepo ya mpoto. Mangani mbalo za nsungwi motalikirana masentimita 25.

Musanafolere, yalani waya kapena mphasa ya bango yolimba pamwamba pa mbalo, chifukwa udzu wokha vumbwe amaufukula n'kulowa. Pepala la pulasitiki lakuda mukhoza kuyala, limathandiza pa kudontha. Folerani kuyambira m'munsi kukwera, matsinde a udzu akuloza pansi, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake, kuchindikala masentimita 15. Pamsana pindani udzu ugwere mbali zonse ziwiri, mupanikize ndi mbalo.

Amene akufuna malata, chifukwa cha moto kapena kutopa ndi kufolera zaka ziwiri zilizonse, akweze makoma afike mita 1.5, ayale mphasa ya bango pansi pa malatawo, ndipo m'chilimwe aunjike udzu kapena masamba a mlaza pamwamba. Ife timakondabe udzu. Lowetsani dzanja pansi pa lata nthawi ya 2 koloko masana mu Novembala, mudzamva zomwe nkhuku yokhalira mazira imamva.

Zam'kati

Nkhuku imafuna kugona pamtanda, ndipo iliyonse ipatsidwe masentimita 25. Mitanda iwiri ya mamita 2, yonenepa masentimita 4, yosalala, ikwanira. Ikhale masentimita 50 kuchokera pansungwi, woyamba masentimita 30 kuchokera ku khoma la kumpoto, wachiwiri masentimita 40 kuchokera pa woyambawo. Yonse ikhale pa msinkhu umodzi, apo ayi zidzalimbirana wapamwamba ndipo zogona m'munsi zidzanyereredwa. Musaikhomere, ikhale pa timphanda kuti muziitulutsa kukaiwamba pamoto utitiri ukabuka.

Zisa zikhale ku khoma la kumwera komwe kuli mthunzi, zotulukira kunja pansi pa denga, zitatu mbali iliyonse ya nsichi yapakati. Chilichonse masentimita 30 mbali zonse, ndi kathabwa ka masentimita 8 kutsogolo kuti mazira asagubuduke, ndi chivundikiro cha kunja chokhala ndi loko kuti muzitola mazira osalowa. Chigubu chakutha cha malita 20 chocheka mbali imodzi chimakhala chisa chabwino, chotsukika. Nkhuku zachikuda zimafungatira masiku 21, ndipo thadzi likakhala pachisa silifuna kusuntha. Zisa zikachepa ena amaikira momwemo, mazira n'kusakanikirana masiku, ambiri n'kusukusa. Zisa zikhale zotsika kuposa mitanda yogonapo, apo ayi nkhuku zimagona m'zisa n'kumanyeramo. Pansi pa chisa thirani phulusa, kenako masamba ouma a nimu kapena a fodya, pamwamba mankhusu a mpunga, omwe savuta kupeza m'zigayo za ku Lifuwu, ku Bua ndi konse kolima mpunga. Anapiye akaswedwa tenthani zonsezo, muike zatsopano.

Makoswe, linthumbu ndi makwerero

Chekani lata lakale lija m'zidutswa 8, mupinde chilichonse ngati chipewa choloza pansi, mukhomere molimba pa nsichi ndi mizati yonse masentimita 65 kuchokera pansi, chotambalala masentimita 20 kuzungulira mtengo. Khoswe, njoka ngakhale ng'azi yomwe imakonda mazira zikakwera zimakathera pamenepo. Mabeseni akutha oboola pakati amagwiranso ntchito, koma alowetsedwe mitanda isanakhomedwe. Timitengo topingasa tija tikhale pamwamba pa zipewazi, poti tikatsika timasanduka mlatho.

Makwerero ndi thabwa kapena nsungwi zitatu zomanga pamodzi, zotalika mamita 2, zokhala ndi timitengo topondapo masentimita 10 alionse. Akhale ochotseka. Nkhuku zikalowa madzulo, tsekani kachitseko, chotsani makwerero, muwagoneke patali. Kuwasiya usiku ndi chimodzimodzi kukhoma chitseko n'kusiya zenera pululu. Pa chifukwa chomwecho musatsamize khasu, nkhuni kapena njinga pa khola, ndipo musamange mpanda wa pansi pa khola wofika mpaka pansungwi.

M'dzinja linthumbu likhoza kupha nkhuku yofungatira usiku umodzi. Zungulizani phulusa patsinde pa mtengo uliwonse, muzibwereza mvula ikakokolola, ndipo lambulani udzu mamita awiri kuzungulira khola. Sabata iliyonse yang'anani nsichi. Mukaona kanjira ka dothi kakukwera, ndi chiswe chimenecho, palani ndipo pakaninso oyilo.

Pansi pa khola yalani mankhusu a mpunga kuti azimwa chinyezi cha zitosi, muzisesa masiku awiri kapena atatu alionse. Zitosi zikakhalitsa nkhuku zimapalasamo n'kutola njoka za m'mimba ndi matenda otsegula m'mimba a magazi. Zitosizo zisungeni m'dzenje la pamthunzi ziole kaye. Zaziwisi zimatentha mbewu zakudimba.

Bwalo ndi anapiye

Nthawi yodzala nkhuku zimayambanitsa anthu ndi anansi, ndiye bwalo la mpanda ndi lofunika. Mamita 4 mbali zonse ndi poyambira pa nkhuku 15, mpanda wa bango kapena nsungwi wotalika mita 1.8, tsinde lake lokwiriridwa masentimita 30 kuti galu asafukule. Ukonde wakutha wa asodzi ndi wabwino kuyala pamwamba potchinga mphamba ndi akhwangwala, koma pamwamba pokha: m'munsi anapiye amakodwamo ndipo makoswe amaudula. Musayalepo masikito omwe munalandira kuchipatala: amenewo ndi a ana anu, kuno malungo ndi ambiri. M'bwalomo mukhale kachisakasa ka mthunzi, dzenje losaya la mchenga wosakaniza phulusa loti zizisambamo, ndi madzi a mumphika wadothi omwe satentha msanga. M'chilimwe nkhuku 15 zitha kumwa malita 5 mpaka 7 patsiku.

Anapiye asakwezedwe m'khola ili asanakwane masabata 6. Timiyendo tawo timalowa m'mipata ya nsungwi, ndipo makwerero sangakwere. Akhale ndi make m'dengu lalikulu lovundikira kapena m'kabokosi ka waya kokhala ndi mankhusu pansi, masana pamthunzi, usiku pamalo otsekeka. Ngati thadzi laswera m'chisa cha m'mwamba, litsitseni ndi ana ake tsiku lotsatira.

Kulowetsa nkhuku

Nkhuku zozolowera kugona mumtengo kapena kukhitchini sizilowa zokha. Zigwireni usiku, muziike pamitanda, muzitsekere m'khola ndi m'bwalo masiku atatu kapena anayi mukuzipatsa madeya ndi madzi pomwepo. Zikatero zimabwerera zokha dzuwa likamalowa.

Khola ngakhale likongole chotani silitchinga chitopa. Chomwe limachita n'kukupatsani mpata wogwira nkhuku zonse m'mawa umodzi kuti zilandire katemera wa chitopa wotchedwa I-2, kadontho kamodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, kuphatikizapo anapiye. Alangizi a ziweto a m'dera lanu akuuzani tsiku lomwe katemera akubwera. Musatsegule kachitseko tsikulo mpaka zonse zitalandira. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ndi achibale ikhale payokha masabata awiri, kutali ndi khola, isanasakanikirane ndi zinzake, ndipo yomwe yayamba kuodzera, kugwetsa mapiko kapena kunyera zobiriwira ichotsedwe nthawi yomweyo. Yakufa ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe, isatayidwe kudzala komwe agalu akaikoke n'kumwaza matenda mudzi wonse.